Uthenga wa chindapusa unapita kwa anthu amene anali atalipira kale

Ndimalemba mapulogalamu a pakompyuta ku kampani yaing'ono ya anthu anayi kuno ku Lilongwe. Izi ndikulembera makamaka anzanga amene ayamba kumene kulandira ntchito za makasitomala, kwenikweni ntchito zokhudza ndalama za anthu. Zinachitika mu 2023, pa pulojekiti ya SACCO (bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama) ina ya m'boma lina la chigawo chapakati. Mamembala ake ambiri ndi aphunzitsi, alimi a soya ndi fodya, komanso amayi a geni.

Tinawapangira sisitimu yoti membala akabweza ngongole pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndalamayo izilembeka yokha pa akaunti yake, iye n'kulandira meseji ya lisiti. Usiku uliwonse pakati pa usiku, sisitimuyo inkafufuzanso amene tsiku lawo lobweza ladutsa, n'kuwaikira chindapusa, n'kuwatumizira uthenga wowakumbutsa. Inayenda bwino kwa nthawi yaitali ndithu. Ntchito yathu tinkaidziwa. Chomwe chinalibe pepala ndi ndondomeko yoikira pulogalamu yatsopano pa seva, kompyuta yomwe sisitimuyo imayendera. Imeneyo inali m'mutu mwa mnzathu mmodzi amene ankaigwira nthawi zonse, ndipo popeza sinavutepo, palibe anaganiza zoilemba.

Bodi ya SACCO inasintha kawerengedwe ka chiwongoladzanja ndipo inafuna kuti mwezi watsopano uyambe ndi kawerengedwe katsopanoko. Tinamaliza kukonza Lachisanu madzulo, mwezi uli pafupi kutha. Mnzathu uja anali atapita kumaliro kwawo ku Mzimba. Magetsi anali atazima kuyambira masana, tikugwira ntchito ndi batire ya laputopu komanso intaneti ya pafoni. Tinatsala awiri, ine ndi mnyamata amene anali atangomaliza kumene maphunziro. Tinaika pulogalamu yatsopano pa seva, tinatsegula tsamba, tinalowa, tinaona kuti chiwongoladzanja chikuwerengeka bwino. Tinagwirana chanza n'kumapita kwathu mitima ili m'malo.

Mu pulogalamu yatsopanoyo munali kusintha kwina kwakung'ono: adiresi yomwe uthenga woti munthu walipira umafikirapo inali itasintha. Adiresi imeneyi siikhala mu code yathu yokha, kutanthauza malangizo a pulogalamu omwe timalemba. Imalembedwanso mbali ya kampani yomwe imatilumikiza ndi ndalama za pafoni, ndipo kumeneko umayenera kukaisintha wekha pamanja. Mnzathu uja ankachita zimenezi mosaganizira n'komwe. Ife sitinadziwe kuti pali choti tichite.

Loweruka aphunzitsi anali atangolandira malipiro, choncho ambiri anabweza ngongole zawo. Ndalama zinachoka m'mafoni awo bwinobwino n'kulowa mu akaunti ya SACCO. Makampani a mafoni sanalakwitse kalikonse. Koma uthenga wouza sisitimu yathu kuti wakuti walipira unkagogoda pakhomo lomwe tinali titatseka. Pakati pa usiku ntchito ya chindapusa ija inadzuka monga mwa masiku onse, inapeza anthu onsewo ngati osalipira, inawaikira chindapusa n'kuwatumizira mauthenga.

Lamlungu ndikutuluka m'tchalitchi ndinapeza foni yanga itadzaza ndi mamisidi kolo a mayi manejala wa SACCO. Nditawaimbira, moni sanayankhe n'komwe.

"Achimwene, mwatichita chiyani? Anthu adzaza pakhomo panga pano kuyambira m'mawa. Akuti tawabera ndalama."

M'mimba munatentha. Ndinakhala pakhonde la tchalitchi miyendo ikunjenjemera, ndikuwalonjeza kuti tikonza lero lomwe, ngakhale ndinali ndisanadziwe chomwe chavuta. Amene simunagwirepo ntchito ndi mabungwe a kumaboma mudziwe ichi: kumeneko manejala si dzina la pa imelo. Anthu amadziwa nyumba yake, tchalitchi chake ndi sukulu ya ana ake. Cholakwika cha pa seva yanu chimakamupeza iye pakhomo. Ndipo meseji ikapita yapita. Nambala yolakwika mu database, momwe sisitimu imasungiramo mayina ndi maakaunti, ungathe kuikonza mwakachetechete, koma uthenga umene munthu wawerenga kale sungaubweze.

Tinathamangira ku ofesi. Ganizo loyamba linali lobwerera ku pulogalamu yakale. Zinakanika, chifukwa yatsopano inali itasintha kale kapangidwe ka matebulo mu database moti yakale sinkatha kuwawerenga. Tinati basi tibwezeretse backup, kope la database losungidwa padera, ya Lachinayi usiku. Foda ya ma backup inalipo, mafayilo ali ndondondo, lililonse ndi deti lake, osaphonya tsiku. Nditayang'ana kukula kwake, thukuta linatuluka: onse a milungu yaposachedwa anali opanda kanthu. Pasiwedi ya database tinali titaisintha kumbuyoku, koma kapulogalamu kotenga backup kanatsala ndi yakale. Usiku uliwonse kankalephera kulowa, n'kusiya fayilo ya dzina lokha. Zinali ngati nkhokwe yomwe umaidutsa tsiku ndi tsiku ukuona yafoleredwa bwino, osadziwa kuti anankafumbwe anamaliza kale chimanga m'kati.

Tsiku lonse la Lamlungu linathera pa kusakasaka kumeneku. Madzulo tinapeza nkhani ya adiresi ija n'kuikonza, malipiro atsopano n'kuyamba kulembeka. Tinapuma pang'ono. Koma m'chipwirikiti chonsecho palibe anakumbuka kuzimitsa ntchito ya usiku. Malipiro a Loweruka ndi Lamlungu anali asanalowebe, ndiye pakati pa usiku anthu omwe aja analandira uthenga wachiwiri, chindapusa chitakwera. Mnzathu wa kumaliro atapeza netiweki Lolemba m'mamawa, funso lake loyamba linali lomwelo: "Aise, mwaimitsa kaye mauthenga?" Ndinangokhala chete. Chikavuta chinthu, musanayambe kufufuza chifukwa chake, imitsani chilichonse chomwe chimadzichitikira chokha ndipo chimakhudza anthu akunja. Zimatenga mphindi imodzi. Ife mphindi imeneyo tinaiphonya, ndipo uthenga wachiwiriwu ndi umene unapsetsa anthu mtima kwambiri, chifukwa mayi manejala anali atawatsimikizira kale kuti nkhani yatha.

Tinakwera minibasi kupita kubomako kukakonza maakaunti pamanja. Tinakhala mu ofesi ya SACCO ndi msungichuma, tili ndi masitetimenti a ndalama za pafoni mbali ina, mayina a mamembala mbali ina, kufananiza mzere ndi mzere. Apa ndi pamene tinaona mavuto ena amene anabisala nthawi yonseyi. Nambala ya munthu mmodzi inalembedwa mitundu itatu: pena kuyamba ndi 099, pena ndi 26599, pena ndi +265. Seva yathu inkasunga nthawi ya UTC, yomwe ndi muyezo wa nthawi wa dziko lonse lapansi, pomwe nthawi ya kuno ili patsogolo ndi maola awiri, choncho amene analipira cha m'ma 1 koloko usiku ankaoneka ngati analipira dzulo lake. Ena analipira kudzera pafoni ya mwamuna wawo, ya mwana wawo kapena kwa ejenti, ndiye dzina la pa sitetimenti silinali la membala. Oterewa tinkawaitana kuti abwere ndi meseji yomwe analandira polipira.

Mayi wina wachikulire wogulitsa tomato anabwera ndi kafoni kakang'ono kosweka galasi, komangidwa ndi mphira. Anandipatsa kuti ndiwerenge ndekha nambala ya malipiro, kenako anakhala pa benchi manja ali pamiyendo.

"Mwana wanga, ine chiyambire sindinaphonyepo kubweza. Uthenga wanuwu anauwerenga ndi abambo akunyumba. Iwo ndi amene anandipatsa ndalamayo kuti ndikalipire. Mpaka lero sakundiyankhula."

Ndinawapepesa, ndinasindikiza sitetimenti yawo, mayi manejala anadindapo chidindo ndi kusayina kuti akaonetse kunyumba. Anaipinda bwinobwino n'kuimangirira pa chitenje. Usiku umenewo ku resiti hausi tulo sindinatione. Kufikira nthawi imeneyo cholakwika ndinkachiona ngati mzere wofiira pa sikirini.

Za mtengo wake ndinene mosabisa. Mauthenga opepesa kwa mamembala onse tinalipira tokha, chimodzimodzi thiransipoti ndi malo ogona. Ntchito za makasitomala ena zinaima kwa milungu ingapo. Bodi ya SACCO inagwira malipiro athu omaliza mpaka itakhutira kuti maakaunti onse ali bwino, ndipo sindiwaimba mlandu. Tikudikira choncho, mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, pomwe ife seva timalipira m'madola; ndalamazo pomabwera zinali zitachepa mphamvu kwambiri. Bungwe lina lomwe linali pafupi kutipatsa ntchito linamva nkhaniyi n'kusiya kuyankha mafoni athu. Mamembala ena anabwerera ku zoima pamzere ndi ndalama m'manja, ndipo ena mwa iwo mpaka pano safuna kumva zolipira pafoni.

Ganizo la mndandanda wochonga, checklist, linachokera kwa mlongo wanga amene ndi namwino wa ku fiyeta. Nditamufotokozera zonse, anandifunsa kuti, "Achimwene, ndiye musanayambe ntchito yotereyi simuima kaye n'kuwerengerana?" Anandiuza kuti iwo amaima katatu: wodwala asanagonekedwe, dokotala asanacheke, komanso wodwala asanatuluke m'chipindamo. Amatsimikiza dzina la wodwala ndi mbali yoyenera kuchitidwa opaleshoni, aliyense amatchula dzina lake ndi ntchito yake, ndipo pomaliza amawerenga zipangizo, singano ndi nsalu zopukutira magazi kuti pasakhale chotsalira m'mimba. Mndandanda umenewu unatulutsidwa ndi bungwe la WHO mu 2008 ndipo uli ndi mfundo 19. Unayesedwa m'zipatala zisanu ndi zitatu za m'mayiko osiyanasiyana, chimodzi mwa izo chili ku Ifakara ku Tanzania. Zotsatira zomwe zinatuluka mu 2009 zinaonetsa kuti imfa pambuyo pa opaleshoni zinatsika kuchoka pa 1.5 kufika pa 0.8 peresenti, ndipo zovuta zina zinatsika kuchoka pa 11 kufika pa 7 peresenti.

Chinandikhudza n'chakuti palibe mfundo pamenepo yomwe dokotala saidziwa. Mndandanda sulembedwera anthu osadziwa ntchito. Umalembedwera anthu odziwa, pa tsiku lomwe atopa, afulumira kapena mnzawo palibe. Oyendetsa ndege anaphunzira zimenezi kale. Pa 30 October 1935, ndege yatsopano ya Boeing Model 299 inagwa itangonyamuka ku Wright Field ku Ohio, ikuyendetsedwa ndi Major Ployer Hill, katswiri woyesa ndege. Loko yomwe imagwira zowongolera ndege ikakhala pansi inali isanamasulidwe. Iye ndi mnzake wina anamwalira. Yankho silinali kufuna katswiri woposa Hill, koma kakhadi kowerenga asananyamuke. Mtundu wa ndegeyo ndi womwe unadzakhala ndege ya nkhondo ya B-17.

Nditawerenga za m'ntchito yathu yomwe, ndinapeza kuti zomwe zinatigwera zinagweranso akuluakulu. Pa 1 August 2012, kampani ya Knight Capital ya ku America, yogula ndi kugulitsa masheya, inataya madola oposa 400 miliyoni m'mphindi pafupifupi 45, chifukwa pulogalamu yatsopano inaikidwa pa maseva asanu ndi awiri, yachisanu ndi chitatu n'kuiwalika. Bungwe la SEC, loyang'anira misika ya masheya ku America, litafufuza linapeza kuti panalibe munthu wachiwiri woona ntchitoyo, ngakhale lamulo lolembedwa loti pazikhala wotero. Pa 31 January 2017, katswiri wa ku GitLab, kampani yosungira anthu code pa intaneti, anafufuta database yeniyeni akuganiza kuti ali pa seva ina, ndipo atafuna ma backup anapeza kuti njira zawo zingapo sizinkagwira ntchito. Ina inkalephera mwakachetechete, maimelo ochenjeza osafika kwa aliyense. Anataya ntchito ya anthu ya maola pafupifupi asanu ndi limodzi.

Mndandanda wathu woyamba sunatithandize. Tinali ndi mantha, ndiye aliyense anaikamo chilichonse chomwe anachiganiza, mpaka unakwana masamba atatu. Munali zinthu monga kuona ngati laputopu ili ndi moto. Poyamba tinkautsatira, kenako tinayamba kugwira ntchito kaye n'kudzachonga mabokosi onse pamapeto nthawi imodzi. Pepala linkadzaza bwino, koma palibe chomwe linkagwira. Zoterezi zinaonekanso kwa azachipatala: ku Ontario ku Canada mndandanda wa opaleshoni utakhala wokakamiza m'zipatala, kafukufuku wa mu 2014 sanapeze kusintha kooneka pa imfa kapena zovuta zina. Ine ndimaona kuti pepala lomwe munthu amachonga pofuna kukondweretsa bwana ndi loopsa kuposa kusakhala nalo, chifukwa limakupatsa mtima woti zonse zaonedwa.

Tinakhala pansi n'kuudula ndi lamulo limodzi: mfundo izikhalamo pokhapokha ngati kuiphonya kungapweteke anthu ndipo munthu wodziwa ntchito angathe kuiiwala. Zomwe kompyuta ingathe kudzionera yokha tinazichotsa papepala n'kuzipereka kwa kompyuta. Mwachitsanzo, backup ikatuluka yaing'ono kuposa ya dzulo lake, tonse anayi timalandira meseji pafoni. Zotsalazo zinakwana pa tsamba limodzi, ndipo tinazigawa pawiri.

Tisanakhudze seva timafunsa kaye ngati lero ndi Lachisanu kapena kumapeto kwa mwezi. Ngati ndi choncho timaimira pomwepo. Timafunsa ngati kasitomala wauzidwa ndipo pali munthu wawo amene tingamupeze pafoni. Timatenga backup nthawi yomweyo n'kuibwezeretsa pa kompyuta ina, kenako kufananiza chiwerengero cha mamembala ndi ndalama zonse ndi zomwe zili pa seva. Mfundo imeneyi ndi yomwe imatenga nthawi kwambiri ndipo ndi yomwe sindingalole kuti ichoke: backup yomwe simunaiyese kuibwezeretsa musaiwerengere kuti ilipo. Timaimitsa ntchito ya usiku ndi mauthenga onse. Timalemba njira yobwerera m'mbuyo zikavuta, kuphatikizapo zosintha za mu database. Pomaliza timafunsa ngati pali china chofunika kusintha kunja kwa code yathu, monga adiresi yolandirira malipiro, makiyi (manambala achinsinsi olumikizira sisitimu yathu ndi ya kampani ina) kapena mapasiwedi.

Tikamaliza kuika, sitikhutira ndi kutsegula tsamba. Timalipira K500 yeniyeni kuchokera pa nambala ya Airtel, ina pa nambala ya TNM, n'kudikira kuti ilembeke ndipo lisiti ifike pafoni. Ntchito ya usiku timaiyendetsa kaye mosatumiza kanthu, kuti ingotulutsa mayina a amene ikufuna kuwalipiritsa chindapusa, ndipo msungichuma wa kasitomala amayang'ana mayinawo tisanaitsegule.

Chomwe chinasintha zinthu kwenikweni si mfundozo ayi, koma kawerengedwe kake. Akuluakulu anati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Mmodzi amawerenga mokweza, wina amachita n'kuyankha, ndipo yankho loti "eya" sililoledwa. Uyenera kunena chomwe ukuona: mamembala alipo angati mu backup, alipo angati pa seva, uthenga wafika nthawi yanji. Wowerenga amakhala wamng'ono pa tonse, ndipo ali ndi mphamvu yoimitsa ntchito. Apa panali povuta, chifukwa tonse tinakula tikudziwa kuti mwana sadula wamkulu pakamwa. Mnyamata wathu uja poyamba ankawerenga chamumtima, bwana wa kampani yathu akadumpha mfundo iye n'kungopitirira. Zinatheka bwana atanena okha pamaso pa tonse kuti, "Ukandiona ndadumpha, undiimitse. Ukapanda kundiimitsa, wandilakwira." Tsiku loyamba lomwe anachitadi zimenezo mawu ankanjenjemera: "Pepani bwana, backup sitinaibwezeretse." Bwana anabwerera n'kuichita, osanyinyirika. Mtsogoleri akapanda kugonjera pepalalo poyera, musavutike n'kulisindikiza.

Patapita miyezi, kuyesa kwa K500 kuja kunagwira vuto lofanana ndi loyamba lija. Pa pulojekiti ya sukulu ina, makiyi oyesera anatsalira pa seva yeniyeni. Tinalipira, lisiti sinabwere, tinakonza tisanachoke pampando, ndipo palibe kholo lomwe linadziwa kuti panali vuto. Ndondomeko yonseyi imatidyera pafupifupi theka la ola nthawi iliyonse, ndipo makasitomala ena amakwiya tikakana kuika zatsopano Lachisanu. Pano timalemba zimenezi mu kontirakiti pachiyambi pomwe kuti tisamakangane pa tsikulo.

Tinapanganso mindandanda ina iwiri yaifupi. Wina ndi wa poyamba pulojekiti: ndani mbali ya kasitomala amene mawu ake ndi omaliza, ndani azilipira seva ndi mauthenga, mitengo yomwe imadalira dola tidzaiona bwanji kwacha ikagwa, nambala za mafoni tizisunga motani, ndipo ntchito tidzati yatha pakachitika chiyani. Winawo ndi wa munthu amene akuchoka mwadzidzidzi. Maliro ndi matenda sizipangana tsiku, choncho aliyense wa ife ali ndi tsamba lomwe analembapo zinthu zomwe amachita yekha pamanja, ndipo mwezi uliwonse wina amayesa kugwira ntchito ya mnzake potsatira tsambalo mwini wake atangokhala pambali osayankhula. Pomwe woyesayo wakakamira, pamenepo ndi pomwe tsamba likusowa mzere.

Mindandandayi timaisunga pamodzi ndi code mu Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha, kuti kusintha kulikonse kuzioneka, koma wa pa seva timausindikizanso n'kuumata pakhoma, chifukwa tsiku la mavuto nthawi zambiri intaneti imakhalanso ikuvuta. Pambali pa mfundo iliyonse pali mzere waung'ono wonena chomwe chinachitika kuti ilowemo. Tikafuna kuwonjezera yatsopano timayamba taona ngati pali ina yomwe tingaichotse kapena kuipereka kwa kompyuta, kuti tsamba likhalebe limodzi. Yomwe tawonjezera posachedwa ndi yoona ngati ndalama zolipirira mauthenga zatsala zokwanira mwezi usanathe, chifukwa zikatha malipiro amalembeka bwinobwino koma malisiti safika, ndipo membala amene sanalandire lisiti amalipiranso kachiwiri.